Tsiku Limene Ndinasandutsa Paini Kukhala Mlombwa

Anzanga, inu amene mumabwera kwathu n'kumandifunsa kuti bwanji zinthu zonse zimene ndimacheka zili mbee, zopanda utoto ngakhale kadontho, lero ndikuuzani. Koma museke pang'ono, chifukwa mwini wakene manyazi sanandithere.

Ine kwathu ndi ku Angonia, kuno ku Chifunde ndinabwera ndi ntchito ya uphunzitsi. Mnzanga wina atamusamutsira ku Tete anandisiyira kamakina kake kochekera matabwa, kaja kali ndi kampeni koonda ngati ulusi, amati tikotiko. Kamakinako kamacheka maluwa, mbalame, chilichonse chimene wajambula pathabwa, bola ukhale wodekha. Ndiye ine ndikaweruka ku sikola, anzanga ali ku mpira, ndinkakhala pakhonde n'kumacheka, mpaka anthu odutsa anayamba kuima kumaonerera, ena kumati, "Apulofesoro, manja awa ndi anu omwe?" Mutu unakula, sindikana.

Nthawi imeneyo ndinali nditakondana ndi Rozina, mtsikana wosoka zovala pamsika, kwawo kumudzi wina cha ku Mualadzi. Ife awiri tinali titamvana kale, vuto linali atsibweni ake. Bambo ake a Rozina anamwalira iye ali wamng'ono, ndiye mawu onse a pabanjapo anali ndi atsibweniwo, ndipo iwo anali ataneneratu kuti anthu a boma sawafuna.

"Amabwera ndi chikwama, amakwatira, boma likawasamutsa amanyamula chikwama chomwecho, mkazi n'kutsala ndi ana. Manja awo ngogwira cholembera basi."

Mawu amenewa Rozina anandiuza misozi ili m'maso, ndipo anawonjezera kuti atsibweni akakana, iye sangathawe nane, sangawachititse manyazi amayi ake. Anzanga, ndinaopa. Mtsikana uyu ndinkamufuna ndi mtima wonse, ndipo zonse zinatsamira pa tsiku limodzi, tsiku lokaonekera kwawo.

Ndiye ndinaganiza nzeru, ndipo mpaka pano ndimati nzeruyo payokha inali yabwino. Ndinati ndipange mpando ndi manja angawa, ndikawapatse atsibweni, aone okha ngati manja awa ali a cholembera chokha. Miyendo ndi pokhalira ndinakhoma zolimba, koma luso langa lonse ndinaliika pa thabwa lotsamira msana. Pamenepo ndinacheka nkhunda ziwiri zoyang'anana, kuboola thabwa nthenga imodziimodzi kuti kuwala kuzidutsa. Timipeni tinathyoka, maso anawawa, utuchi unalowa mpaka m'makutu, koma nkhundazo zinatuluka. Ndikanalekera pomwepo, bwenzi lero ndilibe nkhani.

Koma kunabwera a Alberto. Awa ndi anamwino a pachipatala, tinkayandikana nyumba, ndipo ndinali nditawapempha kuti akandiimire ngati ankhoswe poti abale anga ali kutali. Anauzungulira mpandowo, manja kumbuyo ngati akuyendera odwala, kenako anapukusa mutu.

"Apulofesoro, nkhunda zili bwino. Koma mtunduwu ayi. Paini woyera chonchi akaona ngati mwaphwasula bokosi la tomato. Akuluakulu a kumudzi amalemekeza mlombwa."

Bokosi la tomato! Mawu amenewo anandilowa m'mutu osatulukanso. Ndikauyang'ana mpando wanga sindinkaonanso nkhunda, ndinkangoona tomato. Mlombwa ndinalibe, nthawi yoyambiranso panalibe, ndiye ndinati palibe kanthu, paini yemweyu ndimusandutsa mlombwa. Kodi mlombwa si mtundu chabe?

Ndinayamba ndi tiyi, chifukwa ndinamvapo kuti amadetsa thabwa. Ndinawiritsa masamba ambirimbiri, ndinapaka, ndinadikira. Mpando unatuluka mtundu wa madzi otsukira mapoto. A Alberto anati vuto n'lakuti mlombwa umafiira, ndiye anandibweretsera sera yofiira ija amapaka pakhonde. Ndinapaka. Apa tsopano mpando unafiira psuu, nkhunda zanga kuoneka ngati zazingidwa kumene. Ndinati izi zikufuna chozizimitsa, ndinatenga galasha, uja timapukutira nsapato, ndinamusungunula ndi palafini, n'kupaka pamwamba pa serayo. Zinayamba kubwera! Koma pena pankada, pena pankafiira. Ndikudandaula choncho kwa mkulu wina wokonza mota, njinga zamoto zija, pamsika, iye anati, "Aa, zimenezo n'zosavuta, pakani oliyo wakupsa wa mota, amafananitsa zonse, ndipo chiswe sichiyandikirako." Munthu wanzeru akanafunsa kuti kodi tikupanga mpando kapena mtengo wa khola. Ine ndinangotenga botolo n'kumapita.

Ndipo ndikuuzani zoona, mtundu unatuluka. Wakuda mofiirira, wolemera, mlombwa weniweni wa m'maofesi a akuluakulu. Ndinaima patali n'kudziombera m'manja ndekha. Chinatsala n'kuwala basi, ndiye ndinatuma dalaivala wina kuti andigulire kachitini ka vereniji ku Cassacatiza, uja amawalitsa matabwa. Pachitinipo panali malangizo. Ine, mphunzitsi amene ndimakalipira ana tsiku ndi tsiku kuti aziyamba awerenga asanayankhe mayeso, ndinawerenga? Ndinangotsegula ndi mpeni n'kuthira mowolowa manja, chifukwa ulendo unali mawa lake. Ndinadzamva pambuyo pake kuti vereniji amafuna thabwa louma, lopanda mafuta. Ukamupaka pamwamba pa sera ndi oliyo amangouma kachikopa kapamwamba, pansi pake pali phala.

M'mawa kukadali kozizira ndinagusa ndi chala, pouma gwa, powala waliwali. Rozina anaimba telefoni ali kale kumudzi.

"Wauma mpandowo?"

"Wauma kalekale," ndinatero monyada.

"Chabwino. Koma ukumbuke zimene ndinakuuza. Amayi usawayang'ane kumaso, usawalankhule. Chilichonse uziuza ankhoswe, iwo ndiwo azinena."

Mwambo wopewa apongoziwu kwathunso ulipo, koma kwa a Rozina amausunga mwamphamvu. Ndinamulonjeza kuti pakamwa panga patsekedwa.

Tinaukulunga mpando m'pulasitiki wakuda kuopa fumbi, n'kuumangirira kumbuyo kwa mota ya a Alberto. Unali mwezi uja wa dzuwa loswa mtengo, mvula isanagwe. Tangoganizani, pulasitiki wakuda, dzuwa limenelo, msewu wonse wa ku Mualadzi. Ife timati tanyamula mphatso, osadziwa kuti tikuiphika.

Titayandikira mudzi tinaima patchire kuti timasule. Pulasitiki pochoka analira "nyaaa". Ndinagusa ndi chala chachikulu, chala chinalowa, chidindo chake n'kutsala pomwepo. A Alberto anandiyang'ana.

"Apulofesoro, tiubise muno m'tchire, tiutenga pobwerera."

"Ndikafike manja lendelende? Atsibweni anamva kale kuti ndikubweretsa mpando. Ukakhala pamthunzi uumanso."

Ndipo poti ndinali ndi galasha m'thumba wopukutira nsapato, ndinapakanso pamene panali zipsera kuti zisaoneke. Inde, ndinawonjezera. Musandifunse chifukwa chake, sindikudziwa.

Anatilandira pansi pa mtengo wa mango, anatiyalira mphasa. A Alberto anaunyamula mpando pogwira kunsi kumene sindinapake, anauika pakati mwaulemu, n'kunena kuti iyi ndi ntchito ya manja a mkamwini, mphatso ya atsibweni. Atsibweniwo, munthu wamtali wouma thupi, wa maso osaseka, anadzuka n'kuwerama kuyang'ana nkhunda zija nthawi yaitali. Mwamwayi sanakhudze.

"Mlombwa uwu?" anafunsa.

"Mtundu wake ndi womwewo, bambo," anayankha a Alberto, maso ali kumwamba kwa mango.

Atsibweni ananunkhiza mphepo. "Mota yanuyo muionetse kwa amisiri, ikudontha mafuta."

Tinavomera tonse awiri kuti tiionetsa.

Kenako anatuluka apongozi. Ine maso pansi monga mwa pangano, koma m'mbali mwa diso ndinaona choyera mbee. Anali atavala buluza yawo ya amayi a mpingo, imene Rozina anawasokera ndi manja ake, imene ankaivala masiku akuluakulu okha. Anaivalira ine, kundilemekeza. Anapita kukakhala pamphasa pamodzi ndi amayi anzawo, ine mtima unakhala pansi. Koma atsibweni anakweza dzanja.

"Ayi, achemwali. Mpando wa mkamwini ayambe kukhalapo ndi mwini mwana. Bwerani apa."

Anzanga, munayamba mwaonapo ngozi ikubwera pang'onopang'ono, inu pakamwa atakumangani? Apongozi anakanakana, atsibweni anaumirira, apongozi anadzuka. Kukuwa sindingathe, kuwagwira mkono ndiye kosayerekeza n'komwe. Ndinawatsina a Alberto pantchafu n'kunong'ona kuti, "Auzeni asakhalepo!" A Alberto, m'malo mongonena, anayamba kuomba m'manja mwaulemu, chifukwa ankhoswe salankhula ngati ali pamsika.

"Zikomo eni mudzi, zikomo amayi athu, zikomo nonse mwatilandira. Ife alendo anu tili ndi kapempho kakang'ono. Mkamwini akuti mpandowu lero ukanayamba wangoonedwa ndi maso."

Apongozi anaima. Ndinati ndapulumuka. Koma atsibweni anatembenuka, nkhope ili gwa.

"Woonera ndi maso? Eya, si zimene ndinkanena zija! Mpando wosakhalika. Zinthu za anthu a boma n'zotero, zokongola kutsogolo, ukatsamira zagwa. Ndiye ukwatiwo udzakhalanso woonera ndi maso?"

Anthu onse anayang'ana ine. Rozina, amene anali atagwada chapatali, anandiyang'ananso, maso akundipempha. Apa mpamene ndinayenera kunena zoona, kuti bambo, mpando ngwolimba koma utoto sunaume. Mawu ochepa chabe. Koma magazi anakwera kumutu, ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena mokweza kuti, "Ngwolimba, bambo! Ngakhale anthu awiri angakhalepo!"

Chenjezo ndinalitumiza ndine, ndinalibwezanso ndine. Apongozi anakhala.

Poyamba anakhala chapamphepete, mwamanyazi, ine n'kumapemphera kuti akhale choncho mpaka mapeto. Koma nkhani za ukwati sizifulumira. Atsibweni anafunsa za kwathu, za makolo anga, za chimene ndidzachite boma likandisamutsa. Ndinkayankha, koma zimene ndinkayankhazo funsani a Alberto, ine sindikuzikumbuka. Maso anga anali pamiyendo ya mpando, poti mwambo unati ndiyang'ane pansi. Mthunzi wa mango unasuntha, dzuwa linafika pampando, ndipo ndinaona kadontho kakuda kakutsika pang'onopang'ono ndi mwendo wakumbuyo. Nthawi yomweyo apongozi anapuma mozama, anawongola miyendo, n'kutsamira ndi msana wonse. Mpando unawakomera. Thukuta limene ndinatuluka pamenepo likanathirira dimba.

Chopweteka n'chakuti nkhani zinkayenda bwino. Atsibweni anali atayamba kufewa, mpaka anafunsa kuti kamakina kocheka nthenga zotere kamaoneka bwanji. Ndiye inakwana nthawi ya chakudya, apongozi anati akaone kukhitchini. Anadzuka, mpando unadzuka nawo. Anabwerera pansi, anayesanso, mpando unawatsatiranso. Rozina anathamanga n'kugwira miyendo ya mpando, amayi ake anakoka, ndipo panamveka "nyaaaa" wautali uja ndinamumva kutchire.

Apongozi anatembenuka kulunjika kukhitchini, msana wawo n'kuloza kwa ife. Mayo ine! Buluza yonse kumsana inali bii, mtundu wa mlombwa ndithu, ndipo pakati pake, pamene thabwa linali lobooka, panatsala nkhunda ziwiri zoyera mbee, zoyang'anana, nthenga iliyonse ikuoneka bwinobwino. Chiyambire kucheka sindinatulutsepo chithunzi chooneka bwino ngati chimenecho, ndipo chinali pamsana pa apongozi anga.

Mwini wake sankadziwa kanthu, ankangoyenda mwaulemu wake, nkhunda zikugwedezeka. Atalowa kukhitchini tinamva amayi akufuula, chiwaya chinagwa. A Alberto anayamba kuyang'anitsitsa nsapato zawo. Rozina anali chigwirire mpando, manja ali bii, ndipo nditamuyang'ana ndinaona misozi. Apa kuseka kunalibe, anzanga. Buluza ija anaisoka yekha, amayi ake analibe ina, ndipo ine ndinali nditawachititsa manyazi pamaso pa abale awo onse. Ndinadziwa kuti Rozina ndamutaya, ndipo ndamutaya chifukwa cha bokosi la tomato.

Ndinagwada pamaso pa atsibweni n'kuulula zonse. Ndinati si mlombwa, ndi paini. Ndinatchula tiyi, sera, galasha, palafini, vereniji. Nditafika pa oliyo mawu anatsika okha.

"Oliyo wa mota?" anatero atsibweni. "Pamsana pa mlongo wanga?"

"Chiswe sichiyandikirako, bambo," anatero a Alberto chapansipansi. Mpaka lero sindidziwa ngati ankafuna kundithandiza.

Atsibweni anaimirira n'kukutumula fumbi pa buluku, ndipo aliyense anaona kuti akufuna kutseka nkhani. Asanatsegule pakamwa, apongozi anatuluka m'nyumba atafunda chitenje china, buluza ija ataitambasula m'manja. Sanandiyang'ane. Anaima chammbali, n'kulankhula ndi mwana wawo ngati ine palibe.

"Rozina, afunse alendowo. Mbalamezi anacheka okha?"

Rozina anafunsa a Alberto, a Alberto anafunsa ine, ine ndinavomera ndi mutu, yankho linabwerera njira yomweyo.

"Nthenga zonsezi, imodziimodzi?"

Funso linazunguliranso, yankho lomwelo. Apongozi anaiyang'ana buluzayo kanthawi, kenako anatembenukira kwa atsibweni.

"Achimwene, munthu wofulumira kunyamula chikwama sakhala pansi n'kumacheka nthenga chonchi. Ndiponso inu mumaopa anthu ochenjera. Uyu angatipusitse chiyani, paini yemwe wamukanika kubisa? Ine ndamulola." Anapinda buluza ija bwinobwino. "Koma umuuze, Rozina, kuti m'nyumba mwanu zosankha mitundu zikhale zako."

Atsibweni anayesa kulimbitsa nkhope, milomo inanjenjemera, kenako anaphulika kuseka mpaka kutsokomola, bwalo lonse linawatsatira. Ine ndinali chigwadire, sindinkadziwa ngati ndiseke kapena ndilire, ndipo ndikuganiza kuti ndinachita zonse ziwiri. Atapuma, atsibweni anati mawu a mwini mwana sangawatsutse, koma manja angawa akufuna adzawaonenso mvula ikagwa, atagwira khasu.

Tinakwatirana. Mpando uja ndinaupala ndi magalasi osweka mpaka paini anaonekanso, ndipo atsibweni amakhalapo mpaka lero, ngakhale amayamba agusa ndi chala. Rozina anawasokera amayi ake buluza yatsopano. Ndinapempha kuti nsalu yake ndikagule ndine, anandikaniza, akuti ngakhale yoyera sangandikhulupirire.

Koma yakale ija apongozi sanaitaye. Anaichapa ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, mlombwa wanga osasuntha, ndiye anaisandutsa yovala kumunda. Tsopano mvula ikagwa, Loweruka lililonse ndimapita ku Mualadzi kukapalira chimanga monga mkamwini. Mwambo uja ukadalipo, sindingayang'anizane ndi apongozi, choncho mzere wanga umakhala wa kumbuyo kwawo. Kumaso sindiwaona, ndimaona kumsana. Iwo akawerama ndi khasu nkhunda zimatsika, akaweramuka zimakwera, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, ndipo odutsa panjira salephera kukuwa kuti, "Apulofesoro, mbalame zanu zikuuluka bwino chaka chino!"

Ndiye mukandipatsa ntchito, ndikuchekerani chilichonse, maluwa, nsomba, ngakhale njovu. Koma mudzalandira thabwa lili mbee monga linabadwira. Utoto mukapake nokha kwanu, ndipo mukapaka, muyambe mwakhalapo inu eni ake, mutavala malaya oyera.